Mpira Wachisanu ndi Chimodzi

Akazi a msinkhu wanga kuno ku Ratnagiri satchula dzina la amuna awo. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu ndakhala ndikuwaitana kuti "Aho", ngati ndikuitana munthu wongodutsa mumsewu, pamene India yense ankafuula dzina lawo mpaka kusasa mawu. Koma kulemba si kutchula, ndiye ndilemba: Digambar Velankar. Ngati bambo anu ankamvera kiriketi pa wailesi, kawafunseni. Akakuuzani mpaka inu mutatopa.

Akakuuzani za munthu amene ankaima pamaso pa oponya mpira aliwiro koposa padziko lapansi atangovala kachipewa kansalu. Anzawo onse atayamba kuvala zisoti zachitsulo, iwo anakana. Ankati chisoti chimagonetsa munthu tulo, maso amagalamuka mutu ukadziwa kuti uli pambalambanda. Akakuuzaninso za tsiku lija kutsidya kwa nyanja mpira unawathyola chibwano, iwo n'kuzenga nsalu kumutu n'kupitiriza kumenya mpaka dzuwa kulowa. Zimene sakakuuzani n'zakuti miyezi iwiri yotsatira ndinkawamwetsa madzi a mpunga kudzera m'kapaipi. Oomba m'manja ndi ena, wochapa malaya a magazi ndi wina.

Amene sanaugwirepo mpira wa kiriketi asaganize za mpira wa ana. Ndi mwala wovekedwa chikopa chofiira, waukulu ngati lalanje. Woponya amabwera chothamanga n'kuumenyetsa pansi kuti unjanje. Ukanjanja pang'ono umafuna timitengo titatu timene womenya amateteza ndi thabwa lake. Ukanjanja kwambiri umafuna mutu. Za kiriketi ine ndimadziwa zokhazo, ndipo zandikwanira. Masiku onse a kutchuka kwawo sindinaonererepo ngakhale kamodzi. Iwo akalowa m'bwalo, ine ndinkazimitsa wailesi n'kuyamba kusankha mpunga wosankhasankha kale.

Mawondo atatha, anakana ntchito zonse za ku Mumbai n'kubwerera kwawo kuno. Analambula bwalo kuseri kwa minda ya mango n'kuyamba kuphunzitsa ana a asodzi, ana a oyendetsa mabasi, ndi wina aliyense wokhala ndi miyendo iwiri ndi khutu lomva. Patha zaka makumi awiri ndi zinayi. Anawo amawatcha Guruji, kutanthauza mphunzitsi, ine Kaku, ngati kunena kuti azakhali, ndipo theka la anyamata a m'tauni muno linakulira pa mbale zanga. Athu obereka tokha sitinapatsidwe. Alendo akachoka, m'nyumba muno mumatsala anthu awiri.

Tsiku lolemekeza aphunzitsi limabwera pakati pa dzinja, mwezi wa Ashadh ukakhala wathunthu. Kwina kulikonse ophunzira amabweretsa kokonati, maluwa ndi nsalu ya paphewa, amagwira mapazi a mphunzitsi wawo, nkhani n'kuthera pomwepo. Kwa amuna anga zimenezo n'zoyambira chabe. Mphatso imene amafuna ndi iyi: woponya waliwiro kuposa onse chaka chimenecho awaponyere mipira isanu ndi umodzi ndi mphamvu zake zonse, iwo ali m'kachipewa kaja. Isanu yoyamba aponye mmene akufunira. Wachisanu ndi chimodzi ulunjike mutu, chifukwa n'kumene kunachokera mbiri yawo. Mpira wa kumutu anthu amauzinda. Iwo ankalowetsa nkhope m'njira yake n'kuukwapula mozungulira mpaka ukagwere m'mitengo ya mango.

Ndipo tsoka kwa wofewetsa dzanja. Parag Sawant, mwana amene ankadya ndi kugona m'nyumba mwathu, anawamvera chisoni chaka china n'kuchepetsa liwiro pang'ono chabe. Iwo anauwakha mpirawo ndi dzanja, anauika pansi bwinobwino ngati dzira, n'kuitana mnyamata wina kuti adzamalize. Zaka khumi ndi chimodzi zatha asanamulankhule. Parag amabwerabe chaka ndi chaka, amaima kunja kwa mpanda ndi kokonati wake, n'kubwerera naye kwawo.

Chaka chatha, nthawi yothyola mango, ndinayamba kuona zimene sindinkafuna kuona. Tiyi ankamuthira pambali pa kapu. Phewa lakumanzere linkangogunda mphuthu za zitseko. Pabwalo palibe anazindikira, chifukwa amuna anga amatha kupereka msana kwa woponya n'kunena kuti phazi lake laponda mokhota. Koma m'nyumba munthu sangabise kanthu kwa womuphikira. Ndinawakokera kwa dokotala wa maso ku Kolhapur ponamizira kuti maso ovuta ndi anga, ndipo poti tafika kale, bwanji nawonso angopimitsa. Dokotalayo anayamba ndi kupempha kujambulitsa nawo chithunzi, mano onse ali pamtunda. Anamaliza akulankhula ndi tebulo. Diso lakumanzere linali litafa kale. Lakumanja linkaona ngati munthu wosuzumira m'paipi: chimene chili kutsogolo kwenikweni, basi. Womenya amaima chammbali, ndipo kwa amuna anga diso loyang'ana woponya ndi lakumanzere.

Pobwerera, basi inaima pamwamba pa phiri la Amba kuti anthu amwe tiyi. Ife tinatsala m'mipando. Anatenga dzanja langa n'kuliika pamutu pawo.

"Aho, anthu akuona."

"Aone. Mkazi kusisita dazi la mwamuna wake ndi mlandu? Lumbira pamutu pangapa kuti suuza munthu."

"Kwatsala milungu isanu ndi iwiri kuti tsiku lija lifike."

"N'chifukwa chake ndikuti ulumbire."

"Ndiye valani chisoti, chaka chino chokha. Ana anu onse mumawakakamiza kuvala."

"Mitu yawo ikadali ndi ntchito. Wangawu unamaliza kalekale. Ndikavala mphika umenewo lero, mawa anthu afunsa chifukwa chake, mkuja makolo abwera kudzatenga ana awo. Ndani angapereke mwana kwa mphunzitsi wosaona? Ndikachoka pabwalo paja ndipita kuti, Sulabha? Kukhitchini kwako?"

"Kukhitchini kwanga mungamalize makapu onse."

Sanaseke. Anakanikiza dzanja langa mpaka ndinamva mtsempha wawo ukugunda pansi pa chikhatho. Ndinalumbira.

Lumbiro la pamutu si masewera. Ukaliswa, wofa si iwe, ndi mwini mutuwo. Azakhali anga analumbira pamutu pa mwana wawo kuti sadzapondanso kwa makolo awo. Amayi awo atadwala anapitako, ndipo sabata isanathe mwana uja anatentha thupi n'kumwalira. Ndinaphunzitsa masamu zaka makumi atatu, ndikudziwa bwino kuti chinapha mwanayo ndi madzi oipa a m'chitsime. Koma kudziwa ndi kwina, kuyesera pamutu pa amuna ako ndi kwina. Ndinatsala pakati: ndikalankhula, lumbiro liwapha, ndikakhala chete, mpira uwapha.

Woponya wa chaka chimenecho sanali wochita kufunsa. Ilyas Mukadam, mwana wa msodzi wa ku Mirkarwada, anabwera kwa ife ali ndi zaka khumi, wopanda nsapato, akununkha nsomba zouma. Tsopano anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, polowa m'nyumba ankachita kuwerama, ndipo anali atangosankhidwa kumene m'timu ya dziko, woyamba mwa ana onse a Guruji. Mwezi wam'mbuyo mpira wake unali utang'amba chisoti chachitsulo cha munthu wina ku Nagpur. Nyuzipepala inajambula chisoticho. Amuna anga anadula chithunzicho n'kuchimata pakhoma, moyang'anizana ndi pamene ine ndimadyera.

Milungu imeneyo chakudya sichinkandikomera. Ndinkangoyang'ana mutu wawo pamene akudya, timitsempha ta pambali pa diso, khungu lopyapyala la pamenepo. Ndinabisa kachipewa kaja m'chitini cha mpunga. Iwo anati kakapanda kupezeka apita ndi dazi lokha, ndipo dzuwa likawala lidzam'thobwa Ilyas m'maso, zidzawathandiza. Ndinakabwezera pa msomali pake.

Masana ana akabalalika, ankaika mpira m'sokosi, n'kuupachika ndi chingwe kunthambi ya mtengo wa kuseri, n'kumaumenya okha monga amachitira ana ongoyamba. Ine ndinkasuzumira pazenera la kukhitchini. Anali atapeza kaimidwe katsopano, kopotoza khosi lonse kuti diso lamoyo liyang'ane kutsogolo. Mpira ukabwera molunjika ankaupeza. Ukangopatukira kumanzere pang'ono, ndiwo unkawapeza. Tsiku lina unawamenya kanayi patsaya, kawiri pakhutu. Umenewo unali mpira wa m'sokosi, woyenda ngati nkhalamba yopita kukachisi.

"Mutu ukakula sulewa nkhonya," anatero atalowa m'nyumba, akudzisisita tsaya.

"Nkhonya, inde. Za miyala mwambiwo sunanene."

Ilyas anafika dzulo lake la mwambo, chakumasana, mvula ikugunda malata a pakhonde. Anavula nsapato, anagwada n'kugwira mapazi a Guruji, kenako anga, n'kukhala pansi kutsogolo kwa mpando wawo ngati akadali ndi zaka khumi.

"Wanenepa," anatero Guruji akumutsina phewa. "Akukudyetsa chiyani kumahotela kuja? Mawa tiona ngati ndi mnofu kapena ndi mafuta."

"Ndi mnofu, Guruji."

"Tiona. Ukandiponyera ngati mkwatibwi woponya maluwa, nyuzipepala zako sizikupulumutsa."

Ine ndinali kukhitchini ndikukangana ndi Mulungu chamumtima. Pakamwa ndinali nditamangidwa, koma mnyamatayu maso ali nawo akeake. Ndinkadziwa kuti amenewo ndi maganizo a wakuba, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

"Ilyas, tadzandilandira kuno."

Chitseko cha kukhitchini chili kumanzere kwa mpando wawo. Ndinamupatsa kapu ya tiyi pa kambale kake, ndinaika chala pamlomo, n'kumukankha pamsana kuti adzere mbali yomweyo. Mwana womvera, anapita. Anatambasula dzanja mpaka kapu inafika pafupi ndi tsaya lawo. Iwo ankangoyang'ana kutsogolo, akugogoda bondo ndi zala. Ilyas anadikira. Ndinaona kumwetulira kukuchoka pankhope pake pang'onopang'ono.

"Sulabha," anakuwa Guruji, "tiyiyo mwapita kukathyola ku Assam? Kuno kwafika fungo lokha."

Kapu inayamba kulira pa kambale. Apo m'pamene anapotoza mutu wonse n'kumupeza.

"Ha, uli pompano? Thupi lonseli ukuyenda ngati mphaka?"

"Pepani, Guruji."

"Nanga dzanjalo likunjenjemera chiyani? Mantha a mawa ayamba kale?"

"Ayamba, Guruji," anatero Ilyas, ndipo sankanama.

Ndinamuperekeza mpaka kuchipata, tonse pansi pa ambulera imodzi imene anagwira iye, chifukwa ine sindikanafikira mutu wake.

"Kaku, zayamba liti?"

"Wandimva ndikunena kanthu ine?"

"Ayi."

"Ndiye usandifunse kanthu."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana dzanja langa lamanja limene ndinali nditalikulunga m'nsalu. Ndi Msilamu, koma anakulira pakati pathu.

"Anakulumbiritsani pamutu."

Ine ndinangoyang'ana mvula.

"Ndikhoza kufewetsa," anatero, ngati akulankhula yekha. "Andimva ndi khutu mpira usanafike n'komwe, ndikhala Parag wachiwiri. Zimenezo ndingapirire, Kaku, musaganize kuti ndikudzikonda. Koma mukuwadziwa. Ndikafewetsa, kapena ndikanamizira phewa, sachoka pabwalo. Aitana Omkar."

Omkar ndi wachiwiri kwa Ilyas paliwiro, koma mpira ukachoka m'dzanja lake ngakhale mwini wake sadziwa kumene ukupita. Anaphapo nkhuku ili kunja kwa mpanda.

"Bola ine," anatero Ilyas. "Wachisanu ndi chimodziwo ndikhoza kuudutsitsa kuseri kwa khutu lawo, kusiya mpata wa chikhatho chimodzi. Liwiro lonse, palibe angadziwe. Pa nthaka youma ndimamenya chivindikiro cha botolo."

"Nthaka siuma mawa."

"Siuma. Komanso vuto lalikulu si nthaka. Guruji saima. Akangouona, amalowetsa mutu m'njira yake. Kale ankauona ukuchoka m'dzanja. Mawa akauona mochedwa, mutu ulowa thabwa lisanafike..."

Anandipatsa ambulera n'kulowa m'mvula.

M'mawa mwake ndinawasitira zovala zoyera monga mwa zaka zonse, simbi ikundilemera ngati mphero. Atavala anaima patsogolo panga kuti ndiwapake kadontho kofiira pamphumi, ndipo ndinawadyetsa supuni ya chambiko ndi shuga, ya mwayi.

"Mnyamata uja dzulo anali ngati waona mzukwa," anatero. "Unamuuza chiyani kuchipata?"

"Kuti asamayende m'mvula."

"Sulabha."

"Pakamwa panga sipanatuluke kanthu. Mukufuna ndilumbirenso? Mutu ndi womwewo, sunganyamule malumbiro awiri."

Anandiloza ndi diso limodzi lija nthawi yaitali, kenako anati shuga wachepa. Ndinatsala ndikudzifunsa ngati kumwamba kapu ya tiyi amaiwerengera ngati mawu. Ngati amaiwerengera, ndiye kuti ndinali nditawapha kale dzulo lake, ndipo mpira unkangobwera kudzamaliza.

Mvula inagwa mpaka cha m'ma teni koloko, ine n'kumathokoza mulungu wathu Ganapati. Kenako inakata ngati munthu watseka mpopi, dzuwa n'kutuluka, bwalo n'kuyamba kufuka nthunzi. Ngakhale ine nthaka yotere ndimaidziwa, ndaimva ikutukwanidwa pa tebulo langa zaka zambiri: pamwamba pouma, pansi pali phala. Mpira ukagwa apa umakwawa, ukagwa apo umadumphira kumaso.

Tsiku limenelo ndinapita. M'chikwama ndinaika matawulo awiri ndi madzi oundana okulunga m'nyuzipepala. Mnansi wathu woyendetsa kagalimoto ka matayala atatu ndinamuuza kuti aime pachipata, alozetse kumsewu wa kuchipatala, ndipo asazimitse injini. Anandifunsa kuti wadwala ndani. Ndinamuuza kuti wofunsa zambiri amakalamba msanga.

Anthu anachuluka kuposa zaka zonse chifukwa cha Ilyas. Asodzi a ku Mirkarwada anabwera mudzi wonse, atasenza ng'oma zawo zikuluzikulu. Mwambo wa mapazi unatenga ola lathunthu. Aliyense wogwada ankati "Guruji", iwo n'kumutchula dzina pongomva mawu, n'kumukumbutsa cholakwa chake cha zaka khumi zapitazo, anthu n'kumaseka. Parag anali pamalo ake kunja kwa mpanda. Kenako amuna anga anavala kachipewa kaja, anatenga thabwa, n'kuyenda okha kupita pakati pa bwalo, chifuwa chili patsogolo. Ine ndekha ndinaona milomo yawo ikuyenda. Ankawerenga mapazi.

Mpira woyamba sindinauone. Ndinangomva kuti phaa m'magolovesi a mnyamata wowakha kumbuyo, thabwa la Guruji likutsika pambuyo pake. Anthu anaseka mokondwa, amvekere Guruji akuuyeza kaye. Wachiwiri anaupeza. Kaya ndi diso, kaya ndi khutu lomva mapazi a mwana amene anamuphunzitsa okha kuthamanga, koma thabwa linalira, bwalo lonse n'kufuula. Ine kumenya kumeneko ndinadana nako, chifukwa ndinaona mapewa awo akukwera.

Wachitatu unawapeza m'nthiti. Phokoso lake linali ngati la munthu womenya thumba la mpunga ndi mtengo. Anapinda pang'ono, anawongoka, analavula.

"Amayi ako amaponya nsomba m'dengu mwamphamvu kuposa apa," anakuwa, asodzi aja n'kufa nalo phwete.

Wachinayi unazula kamtengo kamodzi n'kukaponya kutali. Iwo anagwedeza mutu movomereza. Wachisanu ndi umene unandiopsa koposa. Ilyas anauponya kuti uyende pansi, koma unagwa ponyowa n'kudzuka molunjika kukhosi kwawo. Unakhudza nsonga ya golovesi n'kuuluka pamwamba pa phewa. Ilyas anaima atagwira m'chiuno, akuyang'ana pamene mpira unagwa. Kenako anandifunafuna ndi maso m'khamumo. Nkhope yake inandiuza kuti nthaka sikumumvera.

Guruji anakhudza mlomo wa kachipewa ndi chala, chizindikiro choitanira mpira wa kumutu chimene Ratnagiri yense amachidziwa. Zaka zonse, pa mpira umenewu anthu amakhala chete. Koma asodzi aja kanali koyamba kubwera, ndipo woponya anali mwana wawo. Anayamba kuimba ng'oma zonse pamodzi mpaka benchi imene ndinakhalapo inkanjenjemera. Khutu limene amuna anga ankadalira linatsekeka pamenepo.

Ilyas anabwerera kumene amayambira liwiro. Podutsa ananena kanthu kwa woweruza, amene amaima pa timitengo ta mbali ya woponya. Woweruzayo anakuwa kuti auze Guruji, ng'oma n'kumeza mawu ake. Ilyas atayamba kuthamanga m'pamene ndinaona chimene chasintha. Mipira isanu yonse ankatulukira kudzanja limodzi la woweruza. Tsopano ankabwera cha kudzanja linalo, mbali imene anadzera ndi tiyi ija.

Ndinamvetsa, ndipo mantha anandilowa mpaka m'mafupa. Mwanayu anali ataganiza kuti mutu umene angauphonye ndi wosasuntha wokha. Ankadzera dala kumene Guruji sangamuone konse. Ndiye kuti nthaka ikapotoza mpira chikhatho chimodzi chokha, amuna anga sakweza ngakhale dzanja. Ndinafuna kukuwa, lumbiro linanditseka pakamwa. Ndinafuna kutsinzina, maso anakana.

Mpira unagunda pansi n'kudzuka. Unadutsa kuseri kwa khutu lawo lakumanzere. Kaya mpata wake unali chikhatho, kaya zala zitatu, ndakhala ndikuuyeza m'maganizo chaka chonse. Mnyamata wowakha anagwa nawo chagada.

Amuna anga sanasunthe. Anali chiimire, mawondo opinda, khosi lopotoka, diso lili pamene Ilyas ankatulukira mipira isanu ija. Anagogoda pansi ndi thabwa kawiri, n'kudikira.

Ng'oma zinayamba kuleka imodziimodzi. Yomaliza inalira katatu yokha n'kuchita manyazi. Kunangoti zii. Anthu mazana asanu, koma ndinkamva madzi akudontha m'masamba a mango.

"Ilyas," anatero Guruji, mawu awo akumveka bwalo lonse. "Ukudikira chiyani? Bwera nawo."

Ilyas anali ataima mapazi khumi okha kuchokera pamene iwo anali, chakumanzere, manja ali kumaso. Ndani angauze Guruji chinthu chotere, pa tsiku lotere? Woweruza ankayang'ana nsapato zake. Ana ankayang'ana akuluakulu, akuluakulu ankayang'ana mitambo. Iwo anagogodanso pansi kawiri.

Ndinasiya chikwama pa benchi n'kulowa m'bwalo. Matope ankafuna kundivula nsapato. Ndinazungulira kuti ndiwadzere kutsogolo, poonekera.

"Aho."

"Ukutani kuno iwe? Choka, mpira ukubwera."

"Wadutsa kale."

Thabwa linasiya kugogoda.

"Mbali iti?"

Ndinakhudza khutu lawo lakumanzere. Linali lozizira, lathunthu, lopanda magazi, ndipo ndinachedwa kulisiya.

"Anafewetsa?"

"Wowakha uja akadali pansi, akuuzira zala."

Anagwedeza mutu. "Chabwino. Ameneyo ndi wanga." Kenako mawu awo anatsika kuti ndimve ndekha, ndipo munali mantha, oyamba kuwamva mwa iwo chikwatiwire.

"Onse aona?"

"Onse."

"Sulabha, mapazi aja ndasokoneza. Chipata chili kuti?"

"Kumanzere kwanu."

"Ndigwire pachigongono. Usandikoke. Utsalire m'mbuyo pang'ono, zioneke ngati ndine ndikukutulutsa."

Tinayenda choncho pakati pa anthu ali chete, ine ndikuwongolera ndi chala chachikulu, iwo akundikalipira mokweza kuti ndaponda pakati pa bwalo lawo ndi nsapato.